Mafunso ndi mayankho: kupeza nyimbo zatsopano ndi kuzimva kukoma kwake

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera pakati pa okonda nyimbo kuno ku Dedza ndi kwa anansi athu ku Ntcheu: ophunzira a sekondale, amayi a kwaya, anyamata a kabaza, ngakhalenso abambo amene amati nyimbo zinathera pa kaseti. Ena ndawayankha mwachidule chifukwa nkhani yake ndi yochepa. Ena ndatalikitsa dala.

Nyimbo za m'foni mwanga zanditopetsa. Ndiyambire pati kufuna zina?

Yambirani pa nyimbo imene mumaikonda kale, mufunse kuti inachokera kuti. Woyimba aliyense pali amene anamuphunzitsa, amene ankayimba naye, ndi situdiyo imene anajambulira. Mukatsata anthu amenewo simusowa chomvera.

Titenge okonda Black Missionaries, poti ndi ambiri kuno. Mukabwerera m'mbuyo mupeza Evison Matafale, amene anayambitsa gululi ku Chileka ndipo anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Mukabwereranso mupeza Robert Fumulani, bambo wa anyamata a Fumulani, amene ankatsogolera gulu la Likhubula River, ndipo zimene ankayimba sizinali reggae ayi. Komweko ku Chileka n'kumene kunali Daniel ndi Donald Kachamba, akatswiri a kwela, chamba cha gitala ndi chitoliro chimene chinatchuka m'matauni a ku South Africa m'zaka za m'ma 1950. Mwayamba ndi reggae, mwatulukira ku Johannesburg, koma simunadumphe paliponse.

Chimodzimodzi ndi Balaka, amene kwa anthu a ku Ntcheu ndi pakhomo pomwepa. Malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu Juni 2024, anakulira mu Alleluya Band pamodzi ndi mkulu wake Paul Banda. Kuchokera pamenepo mukumana ndi Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi ena ambiri amene anadutsa ku Balaka. Chimbale chilichonse chimakulozerani china.

Kodi nyimbo yatsopano si imene yatuluka mwezi uno?

Kwa wayilesi, inde. Kwa khutu lanu, yatsopano ndi iliyonse imene simunaimvepo. Agogo Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930 ndipo anayimba kwa zaka zambirimbiri achinyamata asakuwalabadira. Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, nyimbo yawo ya "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko akutali, ana a sukulu n'kumaiyimba ngati yatuluka dzulo. Nyimboyo inali yakale. Inangofika m'makutu amene inali isanafikemo.

Choncho musamangoyang'ana kutsogolo. Mufuneni Allan Namoko wa ku Thyolo, woyimba wosaona amene ankaliza banjo ndi gulu la Chimvu River. Mverani Wambali Mkandawire. Ndipo ngati muli ndi bandulo yokwanira, fufuzani zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, zomwe zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University. Muli bangwe, ng'oma ndi mawu a anthu a m'badwo wa agogo a agogo athu.

Ndikapita kokabenetsa nyimbo amangondiikira zomwezomwezo. Nditani?

Mnyamata wobena sakulakwa. Ali ngati wogulitsa mbatata pa Lizulu: amaunjika patsogolo zimene zikuyenda malonda, zina zili m'thumba kumbuyo. Mukangonena kuti "ndiikireni zatsopano", akutsanulirani folder imene waikira anthu onse tsiku limenelo.

Pitani ndi mayina olembedwa papepala. Kapena mupempheni akuonetseni pa kompyuta mafolder amene anthu sakonda kufunsa: za ku Zambia, za ku Mozambique, za ku Congo zakale, za makwaya. Ambiri ali nazo, zangokhala. Musadzadze memory card yonse tsiku limodzi. Nyimbo zikachuluka kwambiri munthu umangodumphadumpha, n'kubwereranso ku zomwe unazolowera. Chimbale chimodzi chathunthu cha woyimba mmodzi chimaphunzitsa zambiri kuposa mulu wa nyimbo zosadziwika mwini wake, zina zolembedwa "Track 07".

Bandulo ndi yodula. Pali njira yosawononga ndalama?

Ilipo. Choyamba dziwani kuti chimadya bandulo ndi kanema, osati mawu. Nyimbo ya MP3 wamba, ya 128 kbps, imatenga pafupifupi 1 MB pa mphindi iliyonse, ndiye ya mphindi 4 ndi ma MB 4 basi. Kanema wa nyimbo yomweyo pa YouTube amadya kangapo kuposa pamenepo. Ngati cholinga ndi kumva, tsitsani kuwala kwa kanemayo kufika pa 144p, kapena gwiritsani ntchito Audiomack, imene imalola kusunga nyimbo zambiri m'foni kuti muzimvera popanda intaneti. Spotify inayamba kugwira ntchito kuno ku Malawi mu 2021, ndipo ili ndi mbali yaulere yokhala ndi malonda.

Koma wayilesi siinafe. Mafoni ambiri, ngakhale a mabatani, ali ndi FM, bola mulumikize earphone chifukwa waya wake ndiye amagwira ntchito ya eriyo. Chimene ambiri amalakwitsa n'kukakamira siteshoni imodzi chaka chonse. Sinthasinthani: MBC Radio 1 ili ndi nkhokwe ya nyimbo zakale zimene simungazipeze kwina, Radio 2 ndi Zodiak zimaika zina, mawayilesi a mipingo zina, ndipo kuno kumalire mukhoza kukola ya ku Mozambique.

Ndamva nyimbo yabwino m'minibasi koma sindikudziwa dzina lake. Ndingaipeze bwanji?

Funsani kondakitala kapena adalaivala, musachite manyazi. Nthawi zambiri dzina limaoneka pa wayilesi ya galimoto, kapena iwo amadziwa. Ngati muli ndi bandulo, Shazam imamva nyimbo kwa masekondi ochepa n'kukuuzani dzina, ndipo Google imatha kuzindikira nyimbo ngakhale mutangoing'ung'udza. Vuto ndi loti zonsezi zimadziwa nyimbo zokhazo zimene zinalembetsedwa m'nkhokwe zawo. Ya kwaya ya ku Bembeke kapena ya mnyamata wa ku Kampepuza amene anajambulira kuchipinda, sizidzaizindikira.

Pamenepo gwirani mawu a kolasi, muwalembe momwe mwawamvera, mukawasake pa YouTube kapena pa Facebook. Tcherani khutu kumayambiriro kwa nyimbo: oyimba a masiku ano amakonda kutchula dzina lawo ndi la producer. Zikakanika, jambulani kachidutswa ndi foni, muponye pa gulu la WhatsApp. Sipalephera kupezeka mmodzi wodziwa.

N'chifukwa chiyani YouTube ndi TikTok zimangondionetsa mtundu umodzi wa nyimbo?

Chifukwa zinapangidwa kuti musachoke. Zimawerenga chimene mwaonera mpaka kumapeto, chimene mwabwereza, ndi chimene mwadumpha, kenako zimakupatsani chofanana ndi chimene munakhalitsapo. Mukamvera amapiano sabata yonse, sabata yotsatira ndi amapiano okhaokha. Njira yake ndi kuzisokoneza dala: lembani nokha dzina la chamba chimene simunachimvepo, monga marrabenta wa ku Maputo, kalindula wa ku Zambia, maskandi wa Azulu kapena singeli wa ku Dar es Salaam, mumvere nyimbo zingapo mpaka kumapeto. Pakapita masiku muona zikusintha. Komabe mnzanu wokonda zosiyana ndi zanu amaposa makina onsewa, chifukwa amatha kukuuzani kuti "dikira kaye, pakubwerapa ndi pamene pali nkhani."

Kunena zoona, amapiano onse ndimamva ngati nyimbo imodzi. Kodi vuto ndi ine?

Ayi, ndipo mdzukulu wanu amanenanso zomwezo za reggae ndi za makwaya anu. Chamba chilichonse chimamveka chimodzimodzi kwa amene akuchimvera ndi khutu la chamba china. Ife Amalawi ambiri tinakulira pa nyimbo za uthenga. Timadikira kuti woyimba anene chiyani za ana amasiye, za ukwati, za andale. Ndiye tikakumana ndi nyimbo imene mphamvu yake siili m'mawu, timati mulibe kanthu. Funso loyenera ndi lakuti: amene amaikonda nyimboyi amamvera chiyani?

Mu amapiano, amene anabadwira m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg m'zaka za m'ma 2010, mwini nyimbo ndi log drum. Si ng'oma yeniyeni, ndi besi wopangidwa pa kompyuta amene amagunda ngati ng'oma. Nyimbo imayamba pang'onopang'ono, zisekese zokha ndi piyano, nthawi zina kwa mphindi ziwiri, ndipo ukatswiri wa producer ngati Kabza De Small uli pa kukudikiritsani ndi pa mmene besiyo amalowera. Mukadumpha chiyambicho mwataya theka la nyimbo. Zeze Kingston ndi anzake anatenga kagundidwe komweko n'kuikamo Chichewa cha m'misewu yathu.

Mu reggae, werengani 1, 2, 3, 4 motsatira nyimbo. M'kayimbidwe kotchedwa one drop, pa 1 pamakhala pambalambanda, ng'oma yaikulu imagwera pa 3, gitala akudula pakatipakati, besi akuyenda yekha pansi ngati akuyimba nyimbo yakeyake. Mukazindikira zimenezi muyamba kusiyanitsa reggae wa ku Jamaica, wa Lucky Dube amene anadzaza makiyibodi, ndi wa ku Balaka amene ndi wofewa, wosendera ku nyimbo za m'tchalitchi.

Rumba wa ku Congo, amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2021, amabwera pawiri. Mbali yoyamba ndi ya mawu okoma, yodekha. Kenako pamabwera sebene, pamene oyimba amapumira, magitala n'kuyamba kulukana, wina akufuula kulimbikitsa ovina. Amene amazima nyimbo ya Franco, katswiri wa rumba, pakati chifukwa "yatalika" amachoka chakudya chisanafike.

Sungura wa ku Zimbabwe mverani besi. Alick Macheso amaliza besi ngati gitala wotsogolera. Iye ndi Nicholas Zakaria anabadwa ndi magazi a kuno ku Malawi, ndipo nyimbo zawo zina zili m'Chichewa, moti kwa ife ndi khomo losavuta kulowera. Hip hop ndiye imabwerera ku mawu, koma osati uthenga wokha: mverani mmene Gwamba kapena Suffix amagwetsera mawu pa ng'oma, ndi mmene mapeto a mizere amagwirizanirana. Jazz ya Wambali imafuna kukhala pansi. Si ya pa ukwati.

Ine maganizo anga ndi oti musaweruze chamba ndi nyimbo imodzi imene mwaimvera pa sipika yong'aluka ya pa golosale. Koma sikuti chilichonse muyenera kuchikonda. Pali nyimbo zina zaulesi zedi, m'chamba chilichonse, ndipo mukaphunzira kumvera mudzazizindikira msanga kuposa kale.

Nyimbo ya chilankhulo chimene sindimva ndingaikonde bwanji?

Mwakhala mukuchita kale. Ndi angati pa ukwati amamva Chilingala, koma onse amadzuka? Oliver Mtukudzi, amene anamwalira mu 2019, ankayimba kwambiri m'Chishona ndipo Amalawi tinamulira ngati wathu. Mawu a munthu amanyamula chisoni kapena chimwemwe tanthauzo lisanafike.

Ife a m'malire tili ndi mwayi wina. Kuyambira pa chipata cha Dedza kudutsa Lizulu mpaka Tsangano, tsidya linalo ndi Angonia ndi madera ena a ku Mozambique, kumene abale athu amalankhula Chichewa chomwechi n'kumasakaniza ndi Chipwitikizi. Pa tsiku la msika nyimbo zimawoloka malire popanda chiphaso: kizomba wochokera ku Angola, za ku Tete, za makwaya a ku Ulongwe wa ku Angonia. Amene ali ku Mzuzu kapena ku Zomba sazimva kawirikawiri zimenezi.

Chenjezo limodzi: musanaike nyimbo yachilendo pa chinkhoswe, pa sukulu kapena pamaso pa apongozi, fufuzani tanthauzo lake. Zina zokoma kwambiri kuvina ndi zotukwana zenizeni.

Nanga magule athu? Mmenemo mungapezeke chatsopano?

Kwambiri, ndipo apa ndi pamene anthu a ku Dedza ndi Ntcheu timadzimana tokha. Timaganiza kuti nyimbo za chimtali, chitelera kapena mganda ndi zomwezo za makolo zosasintha, chonsecho amayi amapeka zatsopano chaka chilichonse: za mtengo wa feteleza, za mwamuna wopita ku Joni osatumiza kanthu, za mfumu yokondera. Sizifika pa YouTube, zimathera pabwalo. Amene akufuna nyimbo imene palibe wina ali nayo m'foni, apite kumeneko.

Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ambiri timamuonera ndi maso okha, kuthawa akapoli ndi kuseka zilombo. Tsiku lina imani pafupi ndi oyimba ng'oma, mutchere khutu. Mpanje ndi zinzake zimagwira kagundidwe kosasintha, pamene mbalule imalankhula ndi wovina, kutsatira phazi lake ndi kumuitana. Amayi akuyankha nyimbo ndi kuwomba m'manja mwa kagundidwe kenanso. Zinthu zitatu kapena zinayi zikuyenda nthawi imodzi popanda kugundana. Tay Grin anamanga dzina lake potenga ng'oma zimenezi n'kuziphatikiza ndi hip hop. Kumbukirani kuti gule ali ndi eni ake: pemphani musanajambule, ndipo za kudambwe si za foni.

Ku Ntcheu, mwambo wa Umhlangano wa Angoni a Maseko umachitikira ku Nkolimbo chaka ndi chaka pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani V. Kumeneko mumva gule wa ngoma, mapazi a amuna akugunda pansi pamodzi, zishango m'manja, ndi nyimbo zina zosunga mawu a Chingoni amene masiku ano sitiwalankhulanso. Mukapeza agogo aakazi odziwa kuliza mkangala, uta wa bango umene amaugwiritsa pakamwa, khalani nawo pansi, chifukwa otsala ndi ochepa. Ndipo ku Mua kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene mungaphunzire za magule a Achewa, Angoni ndi Ayao pamalo amodzi.

Zoyimbira zopanga tokha nazo zikutchuka kunja kuposa kwathu. Madalitso Band, anyamata awiri amene anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wa chingwe chimodzi, amayimba m'maphwando a ku Ulaya. Akaidi a ku ndende ya Zomba chimbale chawo chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Anthu ambiri kuno sanamvepo zonse ziwirizi.

Ndine wopemphera, nyimbo zadziko sindimvera. Nkhaniyi ikundikhudza?

Za chimene muyenera kumvera kapena ayi, zili pakati pa inu ndi chikumbumtima chanu. Koma m'nyimbo zauzimu momwemo muli mitundu yambiri moti simungaimalize. Magulu a Adventist oyimba ndi mawu okha opanda choyimbira, makwaya a Katolika ndi ng'oma ndi zisekese zawo, amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, Ndirande Anglican Voices, Ethel Kamwendo Banda, malemu Grace Chinga, mpaka achinyamata olalikira ndi hip hop. Ambiri timangodziwa za mpingo wathu. Pa maliro kapena pa chikondwerero cha makwaya, pamene mipingo imasakanikirana, mverani mmene ena amagawira mawu: ena amakweza soprano, ena mphamvu yawo ili mu besi. Wotsogolera kwaya amene amamvera za mipingo ina amaoneka ndi kapekedwe kake.

Mwana wanga amangomvera phokoso. Ndimuletse?

Ngati mawu ake ndi otukwana, lankhulani naye za mawuwo. Ngati ndi kagundidwe kokha kamene kakukunyansani, bambo, kumbukirani zimene makolo anu ankanena za kwasakwasa. Yesani kusinthana: iye akuikireni ya Eli Njuchi kapena ya Driemo, inu mumuikire ya Namoko kapena ya Paul Banda, aliyense amvere mpaka kumapeto osanyoza.

Kubenetsa kapena kutumizirana pa Bluetooth, kodi si kumubera woyimba?

Lamulo la Copyright la 2016 limateteza nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pa malonda, monga mawayilesi ndi malo azisangalalo, n'kugawira eni ake. Kukopera nyimbo za munthu n'kumagulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Zoona zake n'zakuti oyimba ambiri achinyamata amatulutsa okha nyimbo mwaulere kuti adziwike, ndipo ndalama amazipeza pa zoyimbayimba. Ndiye ngati woyimba wakusangalatsani, akabwera pa boma lipirani pakhomo, osadikira kuti alonda atope. Ena amalengeza nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yogulira chimbale. Ndipo pemphani nyimbo yake pa wayilesi, chifukwa ikaseweredwa ndi pamene dzina lake limalowa m'kaundula wa olandira.

Ndimaika nyimbo m'maukwati. Ndingayese zachilendo pamenepo?

Pang'ono, komanso pa nthawi yake. Pa perekaniperekani anthu amafuna nyimbo imene akuidziwa, chifukwa munthu sataya ndalama akuvina chimene akuchiphunzira kumene, ndipo a komiti adzakuyang'anani ndi diso lofiira. Zatsopano ikani pamene anthu akulowa, akudya, kapena pakati pa nyimbo ziwiri zotchuka zothamanga mofanana nayo. Yang'anani amayi a kuchikazi ndi a kuchimuna: akayamba kugwedeza mapewa ali pampando, nyimboyo yalowa.

Pomvera, chabwino n'chiyani: sipika ya foni, earphone kapena sipika yaikulu?

Sipika ya foni ndi yaing'ono kwambiri moti siitha kutulutsa besi. Reggae, amapiano ndi sungura mukazimvera pamenepo mwamva theka, ndipo mwina n'chifukwa chake munaziweruza kuti n'zopanda pake. Earphone wamba wa pa msika amaposa sipika ya foni kutali, ndipo valani mbali zonse ziwiri, chifukwa ojambula amagawa zoyimbira, zina kumanja zina kumanzere. Musakweze mpaka kumapeto: makutu akayamba kulira mukavula, ndiye kuti mwapyola, ndipo khutu lowonongeka ndi phokoso silichira. Kwa anzathu a kabaza, earphone pa M1 ayi. Pa Linthipe ndi pa Bembeke pamadutsa mathiraki, ndipo hutala yake muyenera kuimva.